Tsiku limene amayi anaimirira pa msonkhano wa khofi

Mu Malichi 2002, njala itafika povuta m'dziko muno, alimi a khofi a m'dera lathu, kumapiri a m'boma la Rumphi, anaitanidwa ku msonkhano pamalo pamene tinkasendera khofi. Linali Loweruka. Ine ndinali mnyamata wa ku sekondale, ndipo bambo anandiuza kuti nditenge kope ndi cholembera, chifukwa kunamveka kuti atsogoleri abwera ndi maakaunti a khofi yense amene tinapereka m'nyengo yokolola ya 2001. Amayi sanaitanidwe, pakuti dzina limene linali m'kaundula wa alimi linali la bambo, koma anamanga chitenje chawo n'kutitsatira, ndipo palibe amene anawafunsa chifukwa chake.

Zimene amayi ananena pa msonkhano umenewo zimandibwerera nthawi iliyonse ndikamva nduna kapena katswiri akulankhula za kusintha kayendetsedwe ka malonda a mbewu. Anthu otere amakonda kukamba za mwini wa bungwe, za msika womasuka, ndi za gawo la mtengo wogulitsira limene limafika m'manja mwa mlimi. Zonsezo n'zofunika, ndipo pa khofi zinasinthadi pamene bungwe la boma linathetsedwa mu 1999, ntchito zake n'kuperekedwa kwa alimi eniake. Koma pali funso limene kusinthako kunalisiya panjira, lakuti kuyambira tsiku limene khofi wathyoledwa kufikira tsiku limene ndalama yake yomaliza yafika, banja limene lamulima lizidya chiyani.

## Manambala pa bolodi

Anabwereka bolodi ku sukulu ya pulaimale n'kulitsamiritsa kukhoma la thanki yoviikamo khofi. Mlembi wa gulu lathu anayamba kulemba ndi choko. Pamwamba penipeni analemba mtengo umene khofi anagulidwa nawo kunja, utasinthidwa kale m'makwacha. M'munsi mwake anandandalika zochotsedwa: galimoto zotsitsa khofi kupita ku Mzuzu, makina ochotsa kakhungu komaliza, masaka, malipiro a ogwira ntchito, ulendo wa kudoko, ndi chiwongoladzanja cha ngongole imene inatengedwa kuti alimi alandire malipiro oyamba, amene amaperekedwa khofi asanagulitsidwe. Kenako anadula mzere, n'kulemba zotsala.

Bambo anayamba kulima khofi ine ndisanabadwe, koma tsiku limenelo ndi limene anaona ndi maso awo mtengo umene wogula wa kunja amapereka pa khofi wawo. Anandiuza kuti ndikope mzere uliwonse osadumpha. Madala ena anayamba kutsutsana ndi mlembi pa ndalama ya galimoto, wina akuti ulendo wa ku Mzuzu sungadye ndalama zonsezo, wina akumukumbutsa kuti lole yaikulu siikwera msewu wathu, ndipo khofi amayamba watsitsidwa pang'onopang'ono ndi galimoto zazing'ono asanakwezedwe pa yaikulu. Mlembi sanapse mtima. Ankafufuta, kuwerengetsanso, n'kulembanso, anthu akuona.

Kutsutsana kumeneko kunali chinthu chatsopano kwathu, ndipo sindikuchepetsa. Munthu amene anazolowera kungouzidwa mtengo, tsiku limenelo anali ndi ufulu wofunsa kuti ndalama ya masaka yakula bwanji. Koma nambala ya pansi pa mzere inali yaing'ono, ndipo palibe kufufuta kumene kukanaikulitsa. Chaka cha 2001 ndi chimene mtengo wa khofi pa msika wa dziko lonse unagwa kufika pansi pa masenti 50 a dola pa paundi imodzi, kutsika kumene kunali kusanaonekepo kwa zaka pafupifupi 30. Mgwirizano wa mayiko umene unkaika malire pa kuchuluka kwa khofi amene dziko lililonse lingagulitse unali utatha mphamvu mu Julayi 1989, Vietnam inali itadzaza msika ndi khofi wake, ndipo Brazil nayo inali kukolola mochuluka. Alimi a kumapiri kwathu anapatsidwa bizinesi yawo pa nthawi imene bizinesiyo inali yowawa kwambiri padziko lonse.

## Mmene tinafikira pamenepo

Agogo aamuna ankakonda kunena kuti kopaletivi si chinthu chimene chinabwera ndi demokalase. M'zaka za m'ma 1950, atsamunda akadalipo, alimi a khofi a ku Misuku ndi madera ena a kumpoto anali kale ndi makopaletivi awo. Dziko litalandira ufulu, boma linatenga malonda a mbewu za alimi ang'onoang'ono m'manja mwake, poyamba kudzera mu Farmers Marketing Board, imene mu 1971 inalowedwa m'malo ndi ADMARC. Mbewu zina zinapatsidwa mabungwe akeake a boma: tiyi wa alimi ang'onoang'ono ku Mulanje ndi Thyolo anali pansi pa Smallholder Tea Authority, nzimbe za ku Dwangwa pansi pa Smallholder Sugar Authority, ndipo khofi wa kumpoto, kuyambira kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, anali pansi pa Smallholder Coffee Authority.

Dongosolo limenelo linali ndi mbali ziwiri, ndipo amene amalikumbukira ndi mbali imodzi yokha salinena bwino. Mlimi anali ndi wogula mmodzi, analibe mawu pa mtengo, ndipo gawo lalikulu la ndalama yogulitsira linkathera pa kuyendetsa bungwe. Komabe mlimi yemweyo ankapeza mbande, feteleza ndi mankhwala pa ngongole yodula pa zokolola, ndipo mlangizi wodziwa khofi ankafika m'munda mwake. Zinthu zikavuta pa msika wa kunja, vutolo linkayamba lagwera bungwe, ndipo kumbuyo kwa bungwe kunali boma.

Kuyambira mu 1981, Malawi inalowa m'ndondomeko za World Bank ndi IMF zofuna kuti boma lichoke pa malonda. Ulamuliro wa zipani zambiri utabwera mu 1994 ntchitoyi inathamanga, ndipo mu 1996 kunakhazikitsidwa lamulo logulitsa makampani a boma. Bungwe la khofi, limene panthawiyo linali litamira m'ngongole, linathetsedwa mu 1999, ndipo ntchito zake zinaperekedwa kwa alimi eniake pansi pa dzina la Smallholder Coffee Farmers Trust. Mu 2007 bungweli linasanduka Mzuzu Coffee Planters Cooperative Union, mgwirizano wa makopaletivi a Misuku, Phoka, Viphya North, Nkhata Bay Highlands ndi South East Mzimba, ndipo pambuyo pake alimi a ku Ntchisi analowamo.

Ine ndimaona kuti pa njira zimene zinalipo, imeneyi inali yabwino. Makina ndi nyumba zikanagulitsidwa kwa kampani ya munthu, bambo sakanaona bolodi lija. Koma kusintha kumeneku kunatsegulanso khomo kwa ogula ena, ndipo oyamba kulowa pakhomopo anali mavenda.

## "Mmodzi wa anthuwo ndine"

Manambala atatha, tcheyamani anaimirira. Anali munthu wachikulire, mkulu wa mpingo, wosakonda kukweza mawu. Anati khofi amene anafika pa sikelo yathu anali wochepa poyerekeza ndi amene anayembekezeka, pamene aliyense ankaona kuti mitengo m'minda inabereka. Anati chifukwa chake chikudziwika: anthu ena ankagulitsa khofi wofiira kwa mavenda amene ankabwera madzulo ndi masikelo awo. Anafotokoza modekha kuti gulu likalonjeza wogula wa kunja matumba akutiakuti n'kulephera kukwanitsa, chaka chamawa wogulayo sabweranso; kuti ndalama ya galimoto ndi ya ogwira ntchito imakhala yomweyo kaya khofi achuluke kaya achepe, motero akachepa aliyense amadulidwa zambiri pa kilogalamu; ndiponso kuti munthu amene watenga feteleza pa ngongole ya gulu n'kukagulitsa khofi kwina, ngongole yake amabweza ndi anzake. Anamaliza ndi mawu olemera, akuti anthu otere akubera mudzi wonse.

Kunali zii. Bambo ena kumbuyo anang'ung'udza kuti fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ndi wa mphepo, ndipo anthu angapo anaseka chamumtima, koma palibe amene anafuna kuonekera.

Pamenepo amayi ananyamuka pa udzu pamene anakhala ndi amayi anzawo. Anawomba m'manja pang'ono mwaulemu, n'kuyamba kulankhula m'Chitumbuka chawo chosathamanga.

"A tcheyamani, ndi inu nonse makolo athu, zikomo. Dzina langa mulibe m'buku lanulo, koma mmodzi wa anthu amene mukuwanenawo ndine. Ndinagulitsa ndowa zingapo mu Ogasiti, abambo a ana anga osadziwa. Ndinaona kuti chimanga chatuluka chochepa m'munda, ndipo pamsika chikukwera sabata ndi sabata. Ndalamayo ndinagula chimanga n'kusunga, ndipo ndi chimene ana akudya mpaka lero. Mukati ndinalakwira gulu, sindikana. Koma mundiuze, a tcheyamani: ndikanadikira ndalama imene mwalemba pa bolodipo, imene mpaka lero sitinaigwire m'manja, ana anga akanadya chiyani mu Januwale?"

Ndinayang'ana bambo. Anali atazolika, akuyang'ana nsapato zawo. Ine mtima unali m'mwamba, chifukwa mkazi kuulula pagulu chinthu chimene mwamuna wake sakuchidziwa sinali nkhani yaing'ono kwathu, ndipo ndinkaganiza za zimene zikachitike kunyumba.

Amayi sanalekere pomwepo. Anati amene amalawirira m'mawa kuzizira kukathyola khofi ndi iwo ndi ana, amene amasenza pamutu kutsika naye phiri kuti afike pa makina dzuwa lisanalowe ndi iwo, koma risiti imalembedwa dzina la bambo ndipo ndalama imalandiridwa ndi bambo. Anati sakudandaula za mwamuna wawo, amene sanamwerepo ndalama ya khofi, koma akunena za amayi ena amene anakhala nawo pamenepo, amene njira yokha yoti agwire ndalama ya thukuta lawo ndi kupatula ndowa imodzi n'kupatsa venda. Amayi angapo anayankha ndi kamawu kovomereza, osadzutsa mitu.

Tcheyamani anakhala kanthawi asanayankhe. Kenako anati: "Mayi, mwanena zoona, ndipo sindikutsutsani. Koma ndalama yoti tikulipireni yonse tsiku limene mwabweretsa khofi tilibe. Tikapita ku banki, chiwongoladzanja chake mwachiona pa bolodipo. Tikabwereka zambiri kuti malipiro oyamba akule, nambala ya pansiyo itheratu." Ankanena za nthawi imene mabanki ankabwereketsa ndalama pa chiwongoladzanja chopitirira 40 peresenti pa chaka.

Ndakhala ndikuganiza za mayankho awiriwo kwa zaka zambiri, ndipo sindinapezepo amene ananama. Tcheyamani ankateteza chinthu chimene chikanatha akanalekerera aliyense kugulitsa kumene afuna. Amayi ankateteza ana asanu m'chaka chimene pulezidenti Bakili Muluzi anali atangolengeza, mu Febuluwale, kuti dziko lili pa ngozi ya njala. Amene anasowa pa msonkhanowo ndi amene anakonza kusinthako osawerengera kuti pakati pa awiriwa pakufunika ndalama ya mlatho, yoti mlimi azidyera podikira malipiro omaliza.

## Chifukwa chake ndalama ya khofi imachedwa

Anzanga a m'tauni, amene anazolowera fodya kapena soya, samvetsa kutalika kwa ulendo wa khofi. Mbande ikabzalidwa, pamapita zaka pafupifupi 3 isanabereke zoti n'kugulitsa. Mtengo wokhwima umachita maluwa mvula yoyamba ikagwa, ndipo zipatso zake zimayamba kufiira chapakati pa chaka chotsatira. Sizipsa nthawi imodzi, motero mumabwerera pamtengo womwewo kangapo, kuthyola zofiira zokhazokha, kuyambira cha mu Meyi kapena Juni mpaka cha mu Seputembala.

Khofi wothyoledwa lero ayenera kusendedwa lero lomwe, apo ayi amayamba kusasa ndipo amatsika giredi. Akasendedwa amavundikidwa m'thanki kuti thelele lake lichoke, amatsukidwa, kenako amayanikidwa pa mathandala kwa masabata awiri kapena kuposerapo, akutembenuzidwa ndi manja ndi kufunditsidwa usiku. Makilogalamu pafupifupi 5 a khofi wofiira ndi amene amatulutsa kilogalamu imodzi ya khofi wouma amene akadali m'kakhungu kake koyera. Ameneyo ndiye amapita ku Mzuzu kukachotsedwa kakhunguko, kusankhidwa ndi kuikidwa m'magiredi. Zitsanzo zimatumizidwa kwa ogula kuti akalawe, mtengo umakambidwa, kenako khofi amayenda pamsewu kupita kudoko la dziko lina, popeza ife nyanja ya mchere tilibe. Wogula amalipira khofi akakwera sitima kapena akafika.

M'miyezi yonseyo, wina ayenera kukhala atatsekera ndalama yake m'matumba a khofiwo. Kale amene ankatsekera ndalama yake anali bungwe la boma, ndipo mtengo wotsika umene mlimi ankalandira unali, mwa zina, malipiro a ntchito imeneyo. Lero, popeza kopaletivi ndi alimi eniake, amene amadikira ndi mlimi. Venda nayenso sachita zachifundo. Amapereka mtengo wotsika chifukwa akugula kudikirako, ndipo amadziwa bwino kuti munthu amene nkhokwe yake yatha sakambirana nthawi yaitali. Nkhani yogulitsa khofi kumbali anthu amakonda kuitenga ngati ya khalidwe, ngati kuti alimi ena ndi osakhulupirika chabe. Ine ndinaona kuti amene ankapirira mpaka malipiro achiwiri nthawi zambiri anali amene ali ndi mwana wa pa ntchito m'tauni, kapena ng'ombe, kapena penshoni.

## Mizere ya amayi

Madzulo a tsikulo bambo sanalankhule kanthu, ndipo tinadya nsima mwakachetechete. Patapita masiku, anaitana amayi kuti apite nawo kumunda, ine ndikutsatira ndi chikwanje. Anayenda mpaka pa mzere wa nthochi umene unkadula munda pakati, n'kunena kuti: "Amayi a ana, kuyambira apa kutsika kumtsinje, khofi uyu ndi wanu. Mukalembetse dzina lanu." Sanapepese ndipo sanakalipe. Nyengo yotsatira amayi anali ndi nambala yawo m'kaundula, ankapimitsa khofi wawo padera, ndipo risiti ankasunga okha m'chitini cha singano.

Chimene ndinaona n'chakuti amayi sanagulitsenso kwa venda, ngakhale m'zaka zimene zinthu zinali zothina. Malipiro oyamba ankafika m'manja mwawo, ndipo ankadziwa okha kuti agula chimanga liti. Ankapita ku misonkhano ngati membala, ndipo pa nkhani ya kusankha khofi wofiira yekhayekha anali okhwima kuposa bambo. M'zaka zotsatira makopaletivi anayamba kulimbikitsa poyera kuti amayi azikhala ndi mitengo yawo ndi mayina awo m'kaundula, ndipo ambiri analowa m'makomiti. Mwa zonse zimene zinatuluka m'kusintha kwa 1999, chimenechi ndi chimene ndimachiwerengera patsogolo, ngakhale kuti sichinali m'mitu ya amene ankagulitsa makampani a boma.

Kufunika kwa dzina m'kaundula kunaonekanso bambo atamwalira. Kwathu mkazi amakakhala kwa mwamuna, ndipo malo amatsata mtundu wa bambo. Akuluakulu a banja atakhala pansi kukambirana za munda, panalibe amene akanatha kunena kuti khofi wa kumunsi kwa nthochi alibe mwini, chifukwa mudzi wonse unkadziwa amene wakhala akumupimitsa kwa zaka zonsezo, ndipo buku la gulu linkachitira umboni.

M'mizere yomweyo ndi mmene munalowa mbewu yatsopano. Mitengo yakale ya Geisha ndi Agaro inali yaitali, yokalamba, ndipo inkavutika ndi matenda. Gulu linkalimbikitsa Catimor, khofi wamfupi amene amapirira chiwawu cha masamba ndipo amabereka msanga ndiponso mochuluka. Amayi anabzala wambiri. Koma khofi wobereka kwambiri amadyanso kwambiri, ndipo akasowa feteleza ndi manyowa amabereka chaka chimodzi n'kuuma nthambi chaka chinacho. Motero mbewu imene inabwera kudzakweza zokolola inakulitsanso njala ya ngongole ya zipangizo.

## Zimene boma linasiya panjira

Boma litachoka pa kugula ndi kugulitsa khofi, linachokanso pa zinthu zina zimene gulu la alimi silingathe kuzisenza lokha. Mlangizi wa boma wa m'dera amayang'anira mabanja ochuluka ndi mbewu zonse, ndipo maphunziro ake amatsamira pa chimanga. Mlangizi wodziwa kudulira khofi, wodziwa kuzindikira mbozi yoboola tsinde isanaphe mtengo, kapena matenda akudetsa zipatso zikadali zaziwisi, tsopano amalipidwa ndi kopaletivi, kutanthauza kuti malipiro ake amachoka pa kilogalamu ya mlimi. Kafukufuku wa mbewu, amene malo ngati Lunyangwa ku Mzuzu ndi Bvumbwe ku Thyolo anakhazikitsidwira, ndi ntchito ya zaka zambiri imene phindu lake ndi la dziko lonse, ndipo si chilungamo kuyembekezera kuti alimi a theka la ekala ndiwo ailipirire. Feteleza wotsika mtengo wa boma, kuyambira ndondomeko ya 2005 mpaka AIP ya 2020, cholinga chake chachikulu chakhala chimanga.

Nkhani ya misewu ndi yodziwika kwa aliyense amene anakwerapo phiri la Misuku kapena la Phoka nthawi ya dzinja. Khofi wabwino amafuna malo okwera ndi ozizira, ndipo malo amenewo ndi amene ali kutali ndi phula. Kilomita iliyonse ya msewu woipa imaonekera pa mzere wa galimoto m'maakaunti.

Zotsatira zake zikuoneka m'chiwerengero cha dziko lonse. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 Malawi inkakolola matani opitirira 7,000 a khofi pa chaka, ambiri mwa iwo ochokera m'maesiteti a kum'mwera. Mitengo itagwa, maesiteti ambiri anazula khofi n'kubzala makademiya kapena tiyi, ndipo lero dziko silifikanso ngakhale theka la chiwerengero chimenecho. Esiteti imatha kusintha mbewu chifukwa ili ndi banki kumbuyo kwake. Mlimi wa paphiri anakhalabe ndi khofi wake, ndipo ndi iye amene wachititsa kuti dzina la Mzuzu lidziwike kwa omwa khofi a kunja.

Anansi athu a ku Tanzania anayesa njira ina. Mu 2018 boma lawo linalamula kuti ogula asamapitenso kwa mlimi mwachindunji, koma khofi yense azidutsa m'makopaletivi n'kukagulitsidwa ku okushoni. Ndamvapo anthu akwathu akunena kuti nafenso tichite chimodzimodzi, tithamangitse mavenda ndi lamulo. Ine sindigwirizana nazo. Kuletsa venda popanda kukweza malipiro oyamba ndi kutsekera banja losauka khomo lokhalo limene limatulukirapo zinthu zikathina, ndipo kopaletivi imene ilibe wopikisana naye imaiwala msanga kuwerengera eniake ndalama.

## Mmene zilili tsopano

Munda uja lero akuyendetsa ndi mchemwali wanga wamng'ono. Mavuto ake ndi ena, koma muzu wake sunasinthe. Mu Febuluwale 2025 khofi wa mtundu wa arabica, umene timalima ife, anadutsa madola 4 pa paundi pa msika wa New York, mtengo umene unali usanafikidwepo. Munthu angaganize kuti alimi alemera. Koma mtengo ukakwera chotero mavenda amachuluka, amabwera pa njinga zamoto ndi ndalama m'thumba, ndipo kopaletivi imafunika ndalama zambiri kuposa kale kuti malipiro ake oyamba ayandikire zimene venda akupereka pakhomo. Chaka cha mtengo wabwino chimatha kukhala choopsa kwa gulu kuposa chaka cha mtengo woipa.

Palinso nkhani ya kwacha. Inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Wogulitsa katundu kunja amayenera kupindula ndalama ikagwa, koma mlimi amagula feteleza wa CAN ndi mankhwala opopera lero, pa mtengo wa lero, pamene madola a khofi wake adzafika patapita miyezi. Kuwonjezera apo, kuyambira mu 2021 lamulo linkafuna kuti ogulitsa katundu kunja azisintha 30 peresenti ya ndalama zakunja zimene apeza pa mtengo wovomerezeka ndi Reserve Bank. Pa nthawi imene dola ya ku banki ndi dola ya pamsewu zatalikirana kwambiri, ndipo katundu wa m'sitolo akutsata ya pamsewu, mlimi wodutsa njira yolongosoka ndi amene amaluza, pamene wozembetsa khofi kudutsa malire amapindula. Boma likufuna ndalama zakunja, ndipo ndikumvetsa chifukwa chake, koma liyenera kudziwa kuti lamulo lotere limafika mpaka pa sikelo ya paphiri.

Kuchokera ku Ulaya kwabweranso lamulo la European Union la 2023, loletsa khofi wolimidwa pamalo pamene nkhalango inadulidwa pambuyo pa 31 Disembala 2020. Tsiku loti liyambe kugwira ntchito lakhala likusunthidwa, koma chimene likufuna n'chodziwika: munda uliwonse uyenera kudziwika malo ake enieni pa mapu. Esiteti imodzi imachita zimenezi m'masiku ochepa. Kwa alimi masauzande a timinda tobalalika m'mapiri, pamafunika anthu oyenda ndi mafoni munda ndi munda, ndipo ngati boma silitengapo gawo, ndalama ya ntchitoyo idzalowanso m'gulu la zochotsedwa.

Sindikupempha kuti boma libwerere kudzagula khofi. Chimene ndikupempha ndi chaching'ono kuposa pamenepo, ndipo zida zake zilipo kale, monga Export Development Fund imene inakhazikitsidwa mu 2012 kuti izithandiza ogulitsa katundu kunja. Makopaletivi a khofi akufunika ngongole ya nyengo imodzi, ya chiwongoladzanja chotsika, imene boma lingaimire kumbuyo kwake ku mabanki, kuti malipiro oyamba akhale okwanira kugula chakudya ndi kulipira fizi. Ngongole yotere iyenera kufika mu Meyi, kuthyola kusanayambe, osati mu Ogasiti mavenda atatenga kale khofi wabwino. Chikole chake ndi mgwirizano umene wogula wa kunja wasaina pamodzi ndi khofi amene ali m'nyumba yosungira, ndipo imabwezedwa m'madola khofiyo akangolipiridwa.